Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: A Kapitawo Amene Sankaiwala

Monga ndinafotokozera m'gawo lapitalo, malume ndiwo anandipezera ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya wa bale m'boma la Kasungu. Ntchito yanga inali yolemba m'kaundula chilichonse chimene matenanti ankatenga pa ngongole, monga chimanga cha phoso, feteleza, makasu ndi mchere, kuti fodya akagulidwa bwana adule zake. Tenanti amatha miyezi yambiri osagwira ndalama, choncho thukuta la banja lake lonse limakhala m'manja mwa munthu wogwira cholembera.

Pamalopo panali bambo wina wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti a Kapitawo. Sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, ndipo polandira malipiro ankadinda chala, koma chimene aona kapena kumva kamodzi sichinkawachoka m'mutu. Ena ankanong'onezana kuti anatemera mankhwala.

Chaka china mvula ya mu Januwale inadontha mu ofesi usiku wonse, kaundula ananyowa, inki n'kufufutika pa masamba ambiri. Bwana anagamula kuti aliyense angodulidwa mofanana, zimene zikanapweteka mabanja amene ankadzimana kuti ngongole isakule. Apa a Kapitawo anapempha mpando, anakhala pakhomo la chigafa, anatsinzina, n'kuyamba kutchula banja ndi banja: tsiku limene linabwera, ndowa za chimanga zimene linatenga, ngakhale mwana amene anasenza thumba. Ine ndinkayerekeza ndi masamba amene anapulumuka, manja akunjenjemera, ndipo sindinapeze pamene anaphonya.

Madzulo ake ndinawafunsa kuti, "Kodi bambo, zonsezi mumaloweza nthawi yanji?" Iwo anati, "Mwana wanga, ine sindiloweza ayi, ndimangoyenda. Ndimayambira pachitsime kutsata mzere wa nyumba, ndipo khomo lililonse ndimapeza katundu wake ali pomwe ndinamusiya."

Yankholi ndinadzalimvetsa patapita zaka zambiri, nditawerenga za Solomon Shereshevsky, mtolankhani wa ku Moscow wa m'zaka za m'ma 1920. Mkonzi wake anadabwa kuona kuti salemba kanthu pa msonkhano wa m'mawa koma amatha kubwereza mawu onse, ndipo mapeto ake anakaonekera kwa katswiri wa za ubongo, Alexander Luria, amene anamufufuza kwa zaka pafupifupi 30. Shereshevsky akapatsidwa mndandanda wautali wa mawu, ankasandutsa liwu lililonse kukhala chithunzi n'kuchiimika m'mbali mwa msewu wa Gorky m'maganizo mwake, kenako ankangoyenda mumsewumo n'kumatola. Mindandanda ina ankaikumbukira ngakhale patadutsa zaka 15. Tsiku lina anadumpha liwu lakuti dzira, ndipo anafotokoza kuti analiika patsogolo pa khoma loyera, ndiye podutsa sanalione. Nditawerenga pamenepa ndinatseka buku, chifukwa njira imene mkulu wosaphunzira wa ku Kasungu anaitulukira yekha ndi yomweyo imene inazunguza mitu ya akatswiri ku Russia.

Anthu amakonda kunena kuti otere ali ndi ubongo wonga kamera, koma ine sindivomereza. Ofufuza sanapezebe umboni wokhutiritsa wa munthu wamkulu amene amajambula tsamba lonse m'mutu n'kumaliwerenga mtsogolo. Kamera siisamala chimene ikujambula, pamene a Kapitawo ankakumbukira ndowa ya chimanga chifukwa ankadziwa mayi amene anaitenga ndi njala imene inali m'nyumba mwake.

Mphatsoyi inali ndi mtolo wake. Shereshevsky ankavutika chifukwa cholephera kuiwala, mpaka anayesapo kulemba zinthu papepala n'kulitentha kuti mwina zichoke. A Kapitawo nawo anandiuzapo kuti tulo sankatipeza msanga, chifukwa mumzere wa nyumba uja munalinso maliro onse amene anachitika pa esitetipo, ana amene anamwalira m'miyezi ya njala, ndi mawu achipongwe amene anauzidwapo, zonse zili zatsopano ngati zadzulo. Munthu wotere kukhululuka kumamuvuta kuposa tonsefe, komabe sindinawamvepo akukumbutsa munthu cholakwa chake.

Matenanti analipidwa mwachilungamo chaka chimenecho, koma bwana sanakondwe kukhala ndi munthu amene kaundula sangamutsutse. Nyengo yogulitsa isanathe anawachotsa pasikelo n'kuwatumiza kukayang'anira nazale kudambo. Ine ananditumiza kuti ndiziperekeza lole ya mabelo ku okushoni ku Kanengo, ndipo umu ndi mmene ndinaonera Lilongwe koyamba, nkhani imene ndidzaiyambe m'gawo lotsatira.