Masiku atatu otsatizana pa chitsulo, lachinayi pa diripi

Sabata yathayi ku jimu yathu, malo olimbitsira thupi kumene ndimaphunzitsa, ikanakwana m'mizere itatu pakanapanda za Lachinayi. Lolemba gulu la 5 koloko m'mawa linadzaza monga mwa nthawi zonse, anthu 14 pa zitsulo zokwanira anthu 8. Lachiwiri chingwe chokwera chinayamba kuthothoka pamfundo, tinachitsitsa. Lachitatu magetsi anathima masana, mafani athu awiri n'kuima, gulu la 1 koloko n'kuchitira masewera pansi pa malata otentha ngati chiwaya. Kuno ku Moatize mu Okutobala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, palibe mphunzitsi amene angadabwe nazo zimenezi.

Lachinayi cha m'ma 6 koloko kunalowa mnyamata wa zaka 24, mikono itapindika kutsogolo ngati wanyamula beseni losaoneka. Anali atatsika kuchokera ku Ulongué masiku 9 okha m'mbuyomo kudzayamba ntchito, ndipo Lolemba analembetsa mpikisano umene abwana athu anaukhoma pakhomo: masiku 30 osadumpha ngakhale limodzi, wopambana sadzalipira miyezi itatu.

"Aphunzitsi, mikono yakana kuwongoka."

Ndinagwira pamwamba pa chigongono. Mnofu unali wotupa, wolimba ngati mango aawisi, ndipo anakoka mkono ndisanasindikize n'komwe.

"Mkodzo ukutuluka wotani, achimwene?"

Anayang'ana pansi. "Ngati tiyi wopanda mkaka."

"Kangati kuyambira dzulo?"

"Kawiri. Pang'onopang'ono."

M'kaundula munalembedwa zonse. Lolemba anapatsidwa ma pull-up 100, kudzikokera m'mwamba ndi mikono utalendewera pa chitsulo. Atalephera asanafike 40, mnyamata wothandizira amene amayang'anira gulu la masana, yemwe sanapite kusukulu iliyonse ya ntchitoyi, anamuuza kuti azidumphira m'mwamba n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka chiwerengero chikwane. Lachiwiri anabweranso, ma push-up ndi kettlebell (chitsulo chobulungira chokhala ndi chogwirira), mikono yomweyo. Lachitatu ma burpee (kudzigwetsa chafufumimba n'kudzuka modumpha) m'chifundizi chija, atachoka ku ntchito ya usiku asanagone mokwanira. Ululu ankauziziritsa ndi ibuprofen wogula pamsika.

Anzanga aphunzitsi mukudziwa kuti kutsika pang'onopang'ono uku, mnofu ukutambasuka uli wolemedwa, ndiko kumang'amba timinofu kwambiri kuposa kukwera. Wofooka amasiya msanga, thupi lake limamuteteza. Woopsa ndi munthu wonga uyu: wosewera mpira kwawo, mtima ndi mapapo zamphamvu, wamanyazi kugonja pamaso pa anzake, koma mikono yake sinazolowere chitsulo. Amatha kupitiriza mpaka mnofu utaphwanyika, zam'kati mwake n'kutayikira m'magazi. Myoglobin, puloteni ya m'kati mwa mnofu, ikafika ku impso imatseka ndi kuwononga timachubu tosefa, mchere wa potaziyamu ukakwera m'magazi umasokoneza kagundidwe ka mtima. Imeneyi ndi rhabdomyolysis, ife timangoti rhabdo. Thupi louma ndi thukuta limachulukitsa ngoziyo, ndipo ibuprofen kapena diclofenac amachepetsanso magazi opita ku impso zimene zatopa kale.

Kuwawa wamba kwa pambuyo pa masewera kumayamba patapita maola 12 mpaka 24, kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, n'kutha pasanathe sabata. Munthu amadandaula potsika masitepe, koma akayendayenda mnofu umamasuka, mphamvu ilipo, mkodzo ndi woyera. Zikakhala kuti chiwalo chatupa mooneka, sichikupindika kapena kuwongoka, mphamvu yatheratu, mkodzo wada kapena wachepa, nkhani ya kutikita ndi kutambasula yatha. Munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tinakwera chapa, minibasi ya kuno. Kuchipatala anachita zoyenera: mkodzo wakuda kuno sathamangira kuutcha rhabdo, chifukwa malungo aakulu amadetsa mkodzo, ndipo likodzo la m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè limatulutsa magazi. Malungo sanapezeke. Kapepala koviika mu mkodzo kanaonetsa ngati muli magazi, koma pa maikulosikopu maselo ofiira munalibe, chizindikiro chakuti chimene chadetsa mkodzo ndi myoglobin. Chimene chinandiwawa n'chakuti mankhwala oyezera CK, chinthu cha mu mnofu chimene chimachuluka m'magazi mnofu ukaphwanyika, anali atatha, ndipo achibale anachita kusonkherana ndalama kuti magazi akayezedwe kwina. CK ikaposa kasanu mlingo wake wapamwamba, cha m'ma 1,000, madokotala amati ndi rhabdo. Ikadutsa 5,000 amayamba kuopera impso. Yake inadutsa 20,000. Anamuika diripi ya madzi amchere, botolo likatha lina, anamwino akuyeza mkodzo wa ola lililonse kuti ufike mamililita 200 mpaka 300. Loweruka m'mawa mkodzo unayamba kuyera. Anabwera impso zisanagonje. Akanadikira mpaka Loweruka lomwelo akumwa ibuprofen, bwenzi tikukamba za makina osefa magazi.

Nditabwerera ndinakhala pansi ndi abwana. Yankho lawo linali lakuti anthu amalipira kuti atuluke thukuta, tsiku lopuma ndi tsiku limene kasitomala amaiwala njira ya ku jimu. Ndinawafotokozera zimene ndikulemba panozi, ngakhale sindikukhulupirira kuti zinalowa.

Mnofu umene wagwira ntchito yolemetsa umafuna maola 48 usanalemedwenso. Ngati munali kutsika pang'onopang'ono kwambiri, kudumpha pa bokosi, ma lunge (kuponda patsogolo n'kutsitsa bondo) ataliatali kapena deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi) yolemera, werengani 72. Izi sizitanthauza kugona pamphasa masiku atatu. Mikono ikapuma, miyendo itha kugwira. Tsiku lotsatira lolemetsa munthu atha kuyenda mphindi 30, kupalasa njinga mopepuka, kapena kuphunzira kagwiridwe ka chitsulo chopanda mapuleti. Vuto la masewera athu osakanizawa ndi lakuti palibe tsiku la mikono lokha kapena la miyendo lokha. Thruster (kunjuta n'kudzuka ukukankhira chitsulo m'mwamba) imadya ntchafu ndi mapewa nthawi imodzi, burpee imadya chifuwa, kettlebell imadya msana ndi zogwirira. Mphunzitsi amene salemba pasadakhale za sabata yonse amapezeka walemetsa mapewa masiku anayi otsatizana mayina a masewera okha ndiwo akusintha. Ngakhale CrossFit, njira ya masewera osakaniza ngati athuwa imene Greg Glassman anayambitsa ku America ndipo anyamata athu amaionera pa YouTube, ndondomeko yake yodziwika ndi masiku atatu ogwira, limodzi lopuma. Ndipo imeneyo ndi ya anthu ozolowera. Woyamba kumene amukwanira masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kwa mwezi wathunthu, pa theka la chiwerengero cholembedwa pa bolodi. Wobwerera atasiya miyezi iwiri, kapena wongochira malungo, ndimamuwerengera ngati woyamba, ngakhale atakwiya.

Pali chinanso chimene mabuku a kunja sangatikumbutse. Anthu athu ambiri olankhula Chichewa amatsika kuchokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumapiri kozizira, kumene munthu amafunda bulangeti usiku. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha: liyambe kutuluka thukuta msanga, lisataye mchere wambiri, mtima usathamange kwambiri pa ntchito yomweyo. Masabata awiri oyambawo munthu wotere asayandikire gulu la masana. Funso lakuti "mwafika liti kuno kuchigwa?" linali pa fomu yolembetsera imene tinkagwiritsa ntchito kale, pamodzi ndi la matenda a magazi otengera ku makolo a sickle cell m'banja ndi la mankhwala amene munthu akumwa. Fomuyo inachotsedwa chifukwa inkachedwetsa anthu polipira.

Sikelo nayonso inafa mu Ogasiti, mpaka lero. Anthu amaganiza kuti ndi ya ofuna kuchepetsa mimba, koma ife timaifunira madzi. Munthu ayezedwe asanayambe ndi atamaliza. Kilogalamu iliyonse yosowa ndi pafupifupi lita ya thukuta, ndipo abweze lita ndi kota mpaka lita ndi theka pa kilogalamu iliyonse, pang'onopang'ono m'maola angapo otsatira. Wotsika kuposa 2 peresenti ya kulemera kwake, monga kilogalamu ndi theka kwa munthu wa makilogalamu 70, wauma kwambiri ndipo mawa lake asalemetse. Madzi okha sabweza mchere, choncho chakudya chikhale ndi mchere wake, kapena asungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mowa wa madzulo a tsiku lolemetsa umabweza zonse m'mbuyo.

Za chakudya sindichedwapo, chifukwa anyamata amakonda kufunsa za mabotolo a ufa okwera mtengo pamene msika uli pafupi. Mphamvu yosungidwa mu minofu imabwerera m'maola pafupifupi 24 ngati munthu akudya nsima, mpunga kapena kachewere mokwanira. Zomanga thupi zikhale cha m'ma magalamu 1.6 pa kilogalamu ya thupi pa tsiku, kutanthauza pafupifupi 110 kwa wa makilogalamu 70, zogawidwa katatu kapena kanayi. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika cha m'ma 15, ndipo kapenta wouma wa ku Cahora Bassa pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Tulo ndiye timavuta: maola 7 mpaka 9, ndipo wochoka ku ntchito ya usiku amene wagona maola anayi m'nyumba ya malata masana sanapume, ngakhale kalendala ikunena kuti papita tsiku. Ndimawauza kuti awerenge kugunda kwa mtima akangodzuka. Kukakwera ndi 10 pa mphindi kuposa masiku onse, m'mawa kuwiri motsatizana, chitsulo chidikire.

Mnyamata uja akatuluka, adokotala anena kuti apume kotheratu maola 72, amwe madzi, agone, apewe dzuwa, ayezetsenso CK ndi mkodzo. Zikatsika ndi pamene adzayambe kuyenda ndi zopepuka, osanyamula kanthu kwa masabata awiri, kenako kuwonjezera pang'onopang'ono. Pull-up ndidzamulola pakatha mwezi kapena kuposa, isanu yokha, ndili pomwepo. Ntchito imene anatsikira kuno sanagwireko kuyambira Lachinayi, ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa.

Lachisanu ndinatenga gulu la masana ndekha, n'kudula pakati chiwerengero cha pa bolodi. Awiri anang'ung'udza kuti sanatope. Loweruka tinakolopa, tinapaka girisi zitsulo zazitali zonyamula zija, madzi akumwa anabwera mabotolo awiri m'malo mwa anayi. Chikwangwani cha masiku 30 chikadali pakhomo, ndipo anthu 11 akupitiriza. Mayina awo ndawalemba m'kope langa, ndipo aliyense akalowa ndikumufunsa mtundu wa mkodzo asanavule nsapato.