Malo a pa benchi lachitatu

Lamulungu, ku Nkhotakota.

Ndikulemba usiku uno mwera ukuwomba mwamphamvu kunyanja, moti asodzi ambiri sanapite pamadzi ndipo nyali zawo zokopera usipa sizikuoneka monga mwa masiku onse. Tulo sitikubwera, choncho ndaganiza zolemba zimene zachitika lero zisanazilale m'mutu mwanga.

Mwana wa mlongo wanga anatuluka kundende masabata atatu apitawo, atakhalako zaka ziwiri ndi theka chifukwa choba injini ya boti padoko lathu. Mlanduwo sanaukane, ndipo ine sindikufuna kuuchepetsa, popeza mwini injiniyo anakhala miyezi yambiri osapha nsomba ndipo ana ake anagona ndi njala. Amayi ake a mnyamatayu anamwalira iye ali m'kati, maliro sanawaone, ndipo chitulukireni wakhala akugona kwathu chifukwa ine amalume ake ndine mwini mbumba. Masabata awiri oyamba anakana kupita kutchalitchi. Dzulo madzulo tikudya kondowole anangoti, "Amalume, mawa ndipita nawo," ndipo mayi a kunyumba anadzuka nthawi yomweyo kukasonkha makala kuti asite malaya anga oyera oti iye avale.

M'mawa ndinamupeza atasamba kale, atakhala pakhonde nsapato zili m'manja. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi ndikakalowa, anthu sakatuluka?" Ndinamuyankha kuti nyumba ija ndi ya Mulungu, si ya munthu. Mawuwo ndi oona, koma ndiyenera kuvomereza pano kuti pamene tinkadutsa m'minda ya chinangwa kulowera kutchalitchi, ine ndinali kuyenda patsogolo pake kwambiri, ngati kuti tangokumana m'njira. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa fanizo la mwana wolowerera la pa Luka 15, mmene bambo anathamangira mwana wake akali patali. Komabe pa nthawi yonse imene mnyamatayu anali kundende ndinakamuona kawiri kokha, ndipo chimene chinkandiletsa si ndalama za ulendo monga ndinkauzira anthu, koma manyazi.

Titafika, iye anakhala pa benchi lomaliza pafupi ndi khomo, kumbali ya abambo, ine n'kupita kutsogolo kumene timakhala akulu a mpingo. Kuchokera kumeneko munthu amaona zonse. Palibe amene anatuluka mokwiya, palibenso amene analankhula mawu oipa, koma benchi lija, limene masiku onse limadzaza ndi anyamata obwera mochedwa, linakhala ndi munthu mmodzi yekha. Bambo wina atamuona anadzuka mwakachetechete n'kupita panja, ndipo kudzera pazenera ndinamuona akukhoma njinga yake imene sanaikhomepo n'kale lonse patchalitchi pathu. Sindikumuweruza bamboyo, chifukwa amene anaberedwapo amadziwa kuwawa kwake. Koma mnyamatayo anaona zimenezi, ndipo anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

Pampingo pathu pali agogo ena aamuna amene anaphunzitsa Sande Sukulu kwa zaka zambiri, ndipo theka la anthu amene anali m'tchalitchi lero anadutsa m'manja mwawo. Maso awo anachita khungu pang'ono, amayenda ndi ndodo, ndipo malo awo ndi pa benchi lachitatu. Sindikudziwa amene anawanong'oneza, koma kwaya ya achinyamata itangokhala pansi, agogowo anatembenuka n'kulankhula mokweza monga amachitira anthu amene makutu awo ayamba kugontha. "Iwe mwana wanga, ndani wakuuza kuti malo ako ndi kukhomo? Bwera kuno udzanditsegulire nyimbo, maso angawa anatha." Tchalitchi chonse chinangoti zii. Mnyamatayo anaimirira, nayenda pakati pa mabenchi onse aja maso a anthu ali pa iye, ndipo agogowo anachotsa ndodo yawo pa benchi n'kuigoneka pansi kuti iye akhalepo.

Ndaganizira kwambiri zimene anachita agogowa. Akanatha kungomupatsa moni pambuyo pa mapemphero, kapena kumuuza kuti Mulungu amakhululuka, mawu amene tonsefe timawadziwa ndipo satitengera kanthu kuwanena. Iwo anamupatsa ntchito. Anamuikira buku lawo m'manja, buku lakale long'ambika chikuto limene salola ngakhale zidzukulu zawo kuligwira, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kumapeto mnyamatayo anali ndi chifukwa chokhalira pamalo pamenepo: ankafufuza nambala ya nyimbo, ankawanong'oneza mawu oyamba a ndime iliyonse, ndipo pa nthawi ya chopereka anawagwira mkono kupita nawo kutsogolo. Munthu amene wapatsidwa chogwira sakhalanso mlendo. Ulaliki wa lero unali wa ntchito yomanga nyumba ya abusa, ndipo kunena zoona zambiri sindinazimve.

Mapemphero atatha tinakumana akulu a mpingo kuti tikambirane za iye. Tinagwirizana kuti ayambe kalasi ya obwerera asanaloledwenso ku Mgonero wa Ambuye, monga mwa dongosolo la mpingo, ndipo ine sindinatsutse chifukwa dongosolo limathandiza munthu kuona kukula kwa chimene analakwa. Chimene chinandiwawa ndi mawu a mnzanga wina akuti, "Tiyambe tamuona kaye, nkhuku yodya mazira sisiya." Ndinafuna kuyankha koma ndinakumbukira mtunda umene ndinasiya pakati pa ine ndi mnyamatayo m'mawa, ndipo pakamwa panga panalemera. Chilango cha mpingo chili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, pamene kuzizira kwa mitima yathu kulibe amene amakulembera malire m'buku. Ndiyeneranso kulemba pano kuti munthu woyamba kumupatsa ganyu yosoka khoka la chilimira atatuluka anali mnansi wathu Msilamu, amene anangoti mwanayu anakulira pamaso pake ndipo sangamusiye akungokhala. Ife a mumpingo tinachedwa.

Masana tinapalasa njinga kupita ku Linga, m'tauni ya Nkhotakota, kukazonda mlamu wanga amene wagonekedwa pachipatala cha St Anne's. Ulendo uno ndinaonetsetsa kuti tiyendere limodzi. Titatuluka m'chipatala tinakhala pamthunzi wa mkuyu waukulu uja umene anthu amati David Livingstone anakhala pansi pake mu 1863, pamene anabwera kudzalankhula ndi Jumbe, mfumu ya Aswahili ya pamalopo, za malonda a akapolo. Aliyense wobadwira kuno amaidziwa mbiriyi. Nkhotakota inali msika waukulu wa anthu, amene ankagwidwa kumidzi ya kumtunda, kuwolotsedwa nyanja m'zombo ndi kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa kugombe la nyanja ya mchere. Livingstone anachoka malondawo akupitirira, ndipo malondawo anatha patapita zaka pafupifupi makumi atatu. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anakhazikika pano mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints chapafupi pomwepo.

Tili pamenepo mnyamatayo anayamba kulankhula, ndipo aka kanali koyamba kuti andiuze za moyo wa kundende. Anati m'chipinda mwawo munali bambo wina wachikulire amene anali ndi Chipangano Chatsopano chothothoka masamba, ndipo madzulo ankawawerengera. Anati pa zonse zimene anamva, imene inamukhudza kwambiri ndi kalata ya Paulo kwa Filemoni, kalata yaifupi ya mutu umodzi ndi mavesi 25, imene ine sindikumbukira kuti ndinailalikirapo. "Amalume," anatero, "Paulo analemba kalata ija ali m'ndende ngati ife. Ndipo Onesimo uja anali kapolo amene anathawa mbuye wake atamulakwira. Koma Paulo anauza Filemoni kuti amulandire ngati m'bale, osatinso ngati kapolo."

Kumva nkhani ya kapolo wolandiridwa ngati m'bale uli pansi pa mtengo umenewu n'kosiyana ndi kuimva kwina kulikonse. M'matchalitchi ndi m'mizikiti ya m'tauni muno mumapemphera zidzukulu za amene anagulitsidwa, za amene anagulitsa ndi za amene anangoonerera, ndipo lero zimakwatirana, kuikana maliro ndi kugulitsana mpunga pamsika umodzi. Anthu a kuno sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo kuti dzina loipa likhoza kuchotsedwa pa munthu. Ndinadabwa kuti ife amene tili ndi mbiri yotere tikulephera kusuntha pang'ono pa benchi chifukwa cha injini imodzi.

Koma iye sanathere pomwepo. Anandikumbutsa vesi 18, pamene Paulo akuti ngati Onesimo analakwa kanthu kapena ali ndi ngongole, Filemoni aiwerengere pa iye Paulo. Kenaka anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni, nati, "Ine ndikufuna kukapepesa kwa abambo a injini aja, ndikufunanso kubweza pang'onopang'ono. Koma ndekha sangandimvere. Onesimo sanapite chimanjamanja, anali ndi kalata." Ndinamvetsa chimene ankapempha. Sankafuna ndalama zanga, ankafuna kuti dzina langa, limene ndakhala ndikuliteteza kwa zaka ziwiri ndi theka pomutalikira, ndiliike pambali pa dzina lake pamaso pa anthu. Akuluakulu amati chibale n'fupa, sichiwola, ndipo ine ndinalola kuti fupalo likwiririke m'dothi chifukwa choopa zonena anthu.

Dzuwa litapendeka tinapita kwa mwini injini uja. Sanatilowetse m'nyumba ndipo sanatipatse mpando. Tinaima pabwalo, mnyamatayo anagwada pamchenga n'kupepesa, ndipo ine ndinanena kuti ngongoleyo tiisenza awiri, kuti iye akalephera mwezi wina ine ndidzagulitsa mpunga wanga. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kunyanja. Pomaliza anati injini imene apolisi anamubwezera inali itawonongeka, ndipo kukonzetsa kwake kunamudyera ndalama zimene anasungira sukulu ya mwana wake wamkazi, amene mpaka lero ali pakhomo. Zimenezi ine sindinkazidziwa, ngakhale timapemphera tchalitchi chimodzi. Sananene kuti wakhululuka. Anati tibwerenso Lachinayi, akaitane achimwene ake ndi anyakwawa kuti pakhale mboni, ndipo zimene tigwirizane zilembedwe papepala.

Titafika kunyumba tinapeza mdzukulu wa agogo aja akutidikira pakhonde. Anati agogo amutuma kudzanena kuti Lachitatu kuli mapemphero a mlaga kutsidya kwa dambo, njira yake ndi ya mizu yambiri, ndipo akufuna kuti amene anawatsegulira nyimbo lero adzawatenge ikamakwana 2 koloko masana. Mnyamatayo anafunsa kawiri ngati agogowo anatchuladi iyeyo. Panopa wagona, ndipo malaya oyera aja wawachapa yekha n'kuwayanika pachingwe cha kuseri kwa nyumba, kumene mwera sufika kwambiri.