Mendulo ya msilikali amene akusamutsidwa: mmene imayendera ku America ndi pamene imatayikira

M'gulu la asilikali apamtunda la America munthu sakhalitsa pamalo amodzi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu kalata imabwera: wa ku Fort Campbell apite ku Camp Humphreys ku South Korea, wa ku Germany abwerere kwawo. Kusamuka kumeneku amakutcha PCS, ndipo wochokayo kawirikawiri amapatsidwa mendulo yothokoza ntchito yonse imene wagwira pamalopo. Chizolowezichi chinazika mizu moti ambiri amaiona menduloyi ngati gawo la malipiro. Koma buku la malamulo a mendulo, AR 600-8-22, limanena mosapita m'mbali kuti palibe amene ayenera kulandira mendulo chifukwa choti akuchoka basi. Payenera kupezeka munthu wodziwa ntchito yake woti amulembere, chifukwa msilikali saloledwa kudzipemphera yekha.

Mendulo zimene zimaperekedwa kwambiri pa kusamuka ndi zitatu. Yaing'ono ndi Army Achievement Medal (AAM), imene inakhazikitsidwa mu 1981, ndipo mwachizolowezi amaivomereza ndi lieutenant colonel, mkulu wa bataliyoni. Pamwamba pake pali Army Commendation Medal (ARCOM), yomwe imasayinidwa ndi colonel wa brigedi. Meritorious Service Medal (MSM) ya mu 1969 nthawi zambiri imakafika kwa jenerali. Mendulo ikamakula, madesiki oti pepala lidutsepo amachuluka, n'chifukwa chake magulu ambiri amafuna kuti pempho lifike ku S1, ofesi yoona za mapepala a asilikali, kutatsala masiku 30 kuti msilikali achoke ngati ndi AAM, 60 ngati ndi ARCOM, 90 ngati ndi MSM. Masikuwa gulu lililonse limadziikira lokha, choncho funsani ku S1 kwanu.

Ambiri amalakwitsa powerenga masikuwo kuchokera pa tsiku limene msilikali akuyenera kukaonekera kumalo atsopano. Msilikali amachoka kale tsikulo lisanafike. Pali tchuthi chimene amatenga, pali masiku oyendayenda m'maofesi kubweza katundu wa boma ndi kusayinitsa mapepala, pali olongedza katundu wa m'nyumba. Masabata anayi kapena asanu amathera pamenepo. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lomaliza limene adzaime pamzere ndi anzake, ndipo yambani kulemba kalata yosamutsa ikangotuluka.

Kwa zaka zambiri pempho linkalembedwa pa DA Form 638. Kuyambira mu 2023 ntchito yambiri ya mtunduwu inasamukira pa kompyuta, mu IPPS-A, koma zofunika kulemba sizinasinthe: nthawi imene mendulo ikuimira, chifukwa chake, mendulo zimene analandira kale, zinthu zosaposa zinayi zimene anachita, ndi mawu oti adzawerengedwe pamwambo, amene pa fomuyo sayenera kupitirira mizere isanu ndi umodzi.

Pa zinthu zinayizo ndi pamene mendulo imapezekera kapena kutsitsidwa. Wosayina sanamuonepo msilikaliyo akugwira ntchito, akungoona pepala pakati pa mapepala ena ambiri. Mukalemba kuti "anagwira ntchito modzipereka ndipo anali chitsanzo kwa anzake", simunamuuze kanthu, mawu amenewo angalembedwe za aliyense. Taonani kusiyana kwake ndi izi: "ali sajeni, anagwira kwa miyezi 11 udindo wa munthu womuposa paudindo, akuyang'anira asilikali 9 ndi magalimoto 14, ndipo pa kafukufuku wa katundu sipanasowe chilichonse". Apa pali zimene anachita, kukula kwake, ndi zotsatira zake. Nkhani yoti ankasenza udindo woposa wake iikeni koyambirira, chifukwa lamulo limayang'ana kukula kwa ntchito imene munthu anasenza ndi kagwiridwe kake. Manambalawo atengeni m'malipoti ake a chaka ndi chaka ndi m'mabuku a katundu, musawapeke. S1 wodziwa ntchito akaona kuti sakugwirizana ndi malipotiwo, pepala limabwerera.

Likabwerera, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono. Masiku alembedwa molakwika, kapena chiwerengero cha mendulo zakale sichikugwirizana ndi chimene chili m'faelo. Mendulo yomweyo ikaperekedwa kachiwiri munthu savala ziwiri, amawonjezera katsamba ka mkuwa pa riboni, ndipo kasiliva kamodzi kamalowa m'malo mwa tamkuwa tisanu. Mukalemba kuti iyi ndi yachiwiri pamene ndi yachitatu, satifiketi yonse iyenera kukonzedwanso. Cholakwika chachikulu ndi kubwereza. Ngati msilikali analandira kale AAM chifukwa chopambana mpikisano kapena chifukwa cha maphunziro ena a kutchire, nkhani imeneyo siyenera kulowanso mu pempho la PCS, popeza ntchito imodzi saipatsa mendulo ziwiri. Nthawi ya mendulo ya PCS ikhoza kuphatikiza miyezi imeneyo, koma zolembedwamo zikhale zina.

Palinso chiletso chimene amachitcha flag, cholembedwa pa DA Form 268. Msilikali amene akufufuzidwa pa mlandu, kapena walephera mayeso olimbitsa thupi, kapena wapyola kulemera kovomerezeka, salandira mendulo ya PCS mpaka chiletsocho chitachotsedwa. Chomvetsa chisoni n'choti nthawi zina vutolo linatha kale koma palibe amene anachotsa chiletsocho pa kompyuta. Fufuzani zimenezi musanayambe kulemba.

Nkhani imene imautsa mkangano kwambiri ndi ya udindo. M'magulu ambiri muli lamulo losalembedwa loti msilikali wamba apatsidwe AAM, sajeni ARCOM, ndipo MSM ikhale ya akuluakulu. Buku silinena zimenezo, ndipo m'kuona kwanga chizolowezichi chimachotsa ulemu wa mendulo, chifukwa wolimbikira ndi waulesi a udindo umodzi amachoka atavala zofanana. Komabe wosayina ali ndi mphamvu yotsitsa mendulo. Mukafuna kuti aiganizirenso, muli ndi chaka chimodzi kuchokera pa tsiku la chigamulo, ndipo muyenera kubweretsa umboni watsopano wogwirika. Kungodandaula sikokwanira.

Msilikali akangosintha kampani kapena bataliyoni pamalo omwewo, akuluakulu ambiri sapereka mendulo, amati adzalandira podzachoka. Apa m'pamene ntchito ya chaka chathunthu imatayikira, chifukwa wodzalembayo sanaione. Mankhwala ake ndi kalata yochokera kwa mtsogoleri wakale kupita kwa watsopano, imene amaitcha letter of continuity, yofotokoza masiku, udindo ndi zimene munthuyo anachita. Msilikaliyo asungeko kope lake.

Ngati wachoka popanda kalikonse, mwayi ulipobe. Pempho liyenera kulowa m'manja mwa akuluakulu pasanathe zaka ziwiri kuchokera pamene ntchitoyo inatha, ndipo amene ayenera kulemba ndi gulu lakale lija, osati latsopano. Zaka ziwiri zikadutsa, nkhani imadzera kwa phungu wa Congress, nyumba ya malamulo ya America, motsatira gawo 1130 la Title 10, malamulo a dziko okhudza asilikali, njira yaitali imene palibe angaifune chifukwa cha ARCOM imodzi.

Kachitsulo kovekedwa pachifuwa pamwambo si umboni. Umboni ndi nambala ya lamulo lovomereza menduloyo ndi satifiketi imene yalowa m'faelo ya msilikali mu iPERMS. Kwa amene akufuna kukwera kukhala sajeni kapena staff sergeant, AAM imawerengedwa mapointi 10, ARCOM 20, MSM 25, ndipo mendulo imene mulibe m'faelo siwerengedwa. Siidzalembedwanso pa DD Form 214, chikalata cha mbiri ya ntchito yake chimene amapatsidwa podzasiya usilikali. Pakatha mwezi umodzi chifikireni kumalo atsopano, msilikali atsegule faelo yake aone ngati yalowa, ndipo ngati mulibe atengere satifiketiyo ku S1 watsopano kuti aiikemo.