Tebulo lokwera ndi kutsika lafika ku Ulongué, koma ndaliyendera kawiri ku Tete

Tebulo laima tsopano m'chipinda chomwe ndimagwiriramo ntchito, ndikadina batani likukwera, ndikadina lina likutsika, koma mtima umandiwawabe ndikakumbukira masiku awiri omwe ndidataya mumzinda wa Tete. Ndilembe zikadali m'mutu, kuti wina wa kuno ku Angónia amene msana wayamba kumuvuta asadzaone zomwe ndaona ine.

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a anthu ogulitsa mbatatesi, chimanga ndi soya, ndipo ndimagwirira pakhomo. Nthawi yokolola ndimakhala pampando kuyambira mamawa mpaka dzuwa kulowa. Chaka chatha msana udafika poti kuwerama kuti ndimange nsapato kudali ntchito. Kuchipatala adandilangiza kuti ndisamakhale malo amodzi nthawi yaitali, ndizikhala pang'ono, kuima pang'ono.

Ndidayamba ndi tebulo lopukusa ndi dzanja, lomwe ndidagula kwa munthu wina amene ankasamuka ku Moatize ntchito yake ya kumgodi wa malasha itatha. Alamu anga adaliyamikira kwambiri, amvekere ili ndiye la kwathu kuno chifukwa silifuna magetsi. Sadaname. Ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechino, nthawi ya mvula magetsi amathimathima. Koma kupukusa chigwiriro kambirimbiri uli ndi kompyuta, pulinta ndi mafayilo pamwamba, kanayi kapena kasanu patsiku, kudanditopetsa. Pakutha pa mwezi ndidangolisiya pansi, n'kukhala tebulo wamba. Apa m'pamene ndidaganiza zogula miyendo ya mota yokha, thabwa la pamwamba n'kukhomera lomwe ndidali nalo kale.

Musanagule chilichonse, tengani tepi muyeze. Valani nsapato zomwe mumavala pogwira ntchito, imani chilili, pindani mkono ngati mukulemba pa kiyibodi, wina ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongono. Kenako mukhale pampando wanu muyezenso. Ine ndidapeza masentimita 106 nditaima ndi 66 nditakhala. Nambala yachiwiriyi ndi yomwe anthu amaiwala. Miyendo yambiri ya zigawo ziwiri imatsika kulekeza cha m'ma 70, pamene ya zigawo zitatu imafika cha m'ma 60. Kwa munthu wamfupi ngati ine kusiyanako n'kwakukulu, chifukwa tebulo likatalika mapewa amakwera ndipo ululu umangochoka kumsana kupita m'khosi. Ndidasankhanso ya mamota awiri, umodzi m'mwendo uliwonse. Ya mota umodzi nthawi zambiri imanyamula makilogalamu 70 kapena 80, ya iwiri imapitirira 100, ndipo thabwa langa ndi la mlombwa, umene kuno ogulitsa matabwa amati umbila, lolemera ndithu palokha.

Kugula sikudavute. Wogulitsa wa ku Maputo, amene amaoda ku South Africa, adanditumizira fatura, pepala la mtengo, yokhala ndi NUIT yanga, nambala ya msonkho, ndi msonkho wa IVA wa 16 peresenti, ndidalipira pa M-Pesa, iye n'kukweza katundu pa lole ya kampani ina yonyamula katundu yomwe ili ndi depoti mumzinda wa Tete. Kuno ku Ulongué safika.

A ku depoti atandiimbira kuti katundu wafika, ndidakwera chapa, minibasi ya kuno, kusanache. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 200, kutsika mapiri athu, kudzera pa Mussacama, Moatize, mpaka kuoloka Zambezi. Ndidanyamuka nditavala juzi, pofika ku Tete malaya ali chonyowa ndi thukuta. Amene amaudziwa mzindawu mwezi wa Okutobala akumvetsa. Ndidafika pa depoti cha m'ma 11 koloko. Mnyamata wa pakauntala adati mwini makiyi a nyumba yosungira katundu watuluka pang'ono. Ndidadikira. Itakwana 12 koloko adatseka chitseko, akuti ndi nthawi ya almoço, chakudya cha masana, ndibwere 2 koloko. Ndidakhala pansi pa kamtengo kopanda mthunzi weniweni, madzi omwe ndidagula atatentha ngati a tiyi. Mwini makiyi uja adatulukira 3 koloko itadutsa, osapepesa n'komwe.

Chomwe chidandipsetsa mtima si kudikirako. Adanditulutsira pepala loti ndilipire armazenagem, ndalama yosungira katundu, 250 meticais patsiku kwa masiku asanu ndi limodzi. Ndidati, achimwene, mwandiimbira dzulo, masiku enawo achokera kuti? Adayankha kuti katundu adafika sabata yatha, kuimba foni si udindo wawo, amangochita mwachifundo. Ndidawaonetsa foni yanga kuti aone tsiku lomwe adaimba. Adangokweza mapewa, amvekere shefi, bwana wawo, kulibe, mukafuna mubwere mawa. Mawa, munthu wochokera ku Angónia! Akudziwa bwino kuti wochokera kutali sangagone m'tauni chifukwa cha 1,500 meticais, malo ogona okha angadye yoposa pamenepo. Ndidalipira dzanja likunjenjemera ndi mkwiyo. Choncho wogulitsa akangoti wakweza katundu, mufunseni nambala ya pepala la katunduyo, ndipo muziimba nokha ku depoti tsiku lililonse. Musadikire kuti akuimbireni.

Ndipo tsegulani katoni pomwepo musanasaine. Ine chifukwa chothamangira chapa yomaliza ndidasaina, n'kunyamula katoni imodzi yomwe adandipatsa. Ndidafika kunyumba usiku, m'mawa ndikutsegula ndidapeza miyendo iwiri basi. Kabokosi koyendetsa mamota, kabatani, mawaya, zitsulo zopingasa, zonse kulibe. Mayi a kunyumba ndi amene adaona pambali pa katoni palembedwa 1/2. Bambo, adatero, iyi ili ndi inzake. Inzakeyo idali itatsala pakona m'depoti muja. Lolemba lotsatira ndidabwereranso msewu womwe uja, ndalama ya chapa kupita ndi kubwera, tsiku lina lantchito kupita pachabe, ndipo adafuna kundilipiritsanso armazenagem pa katoni yomwe adaiwala okha kundipatsa. Ulendo uno ndidakana kusuntha pakauntala mpaka shefi wawo adabwera n'kuichotsa ndalamayo. Tsegulani katoni, werengani zomwe zalembedwa pambali, funsani kuti makatoni alipo angati.

Ndaiwala za pulagi. Katundu wodzera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu akuluakulu obulungira, pamene m'nyumba mwanga masoketi ndi a mano awiri. Ndidagula adaputala pamsika, komanso kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa kabokosi kaja kakapsa simukapeza kuno. Onaninso kuti palembedwa 220V. Zopangidwira ku America zina ndi za 110V zokha.

Kulumikiza kudatenga masana amodzi, ine ndi mwana wa achemwali anga. Mlombwa ndi wolimba, muyambe mwaboola timabowo ndi dirilo, ndipo muyeze masikuluwu ndi kukhuthala kwa thabwa kuti asatulukire pamwamba. Titamaliza tebulo lidakana kukwera, kagalasi ka pa kabatani kakungoonetsa zilembo. Mtima udagunda, ndimvekere ulendo wachitatu uwu. Koma ayi, limafuna kuliyambitsa kaye: kudina batani lotsitsa osalisiya mpaka lifike pansi penipeni, ligwedezeke pang'ono, miyendo iwiri ifanane. Magetsi akathima likuyenda, nthawi zina mumachitanso chimodzimodzi. Akathima litaima pamwamba, limakhala pomwepo mpaka abwere, n'chifukwa chake kukachita mitambo ndimalitsitsiratu.

Ana adaliona ngati chidole, kukweza ndi kutsitsa mpaka lidangoima. Mamota amenewa adapangidwa kuti aziyenda mphindi 2 n'kupuma mphindi 18, akatentha amadzitseka okha. Chipindacho tsopano ndimakiya. Mawaya nawo muwasiyire mpata. Tsiku loyamba kulikweza, waya wa pulinta udakokeka mpaka soketi idatsala pang'ono kuzuka pakhoma, ndiye ndidamangirira ekisitenshoni kunsi kwa thabwa kuti waya wopita kukhoma ukhale umodzi wokha, wautali bwino. Simenti ya m'chipindamo si yosalala, lidali kugwedera likakwera, mpaka ndidapotokola timapazi ta kunsi kuti tonse tigunde pansi.

Panopa ndimaima theka la ola, n'kukhala pafupifupi ola lathunthu. Sabata yoyamba ndidaima m'mawa wonse pa simenti yozizira, zidendene zidawawa kuposa msana, mpaka ndidayala chidutswa cha kapeti chopinda pawiri. Msana wayamba kumasuka, dzulo ndidamanga nsapato osagwira khoma. Lisiti la 1,500 meticais lija ndalisunga m'fayilo, ndipo ndalembera wogulitsa wa ku Maputo kuti makasitomala ake a kuno asamawatumizire katundu kudzera pa depoti imeneyo.