Pepala limodzi linatidyera tsiku lonse pachipata cha phiri

Ndabwerako dzana. Miyendo idakali ngati ya munthu wina, njinga ili m'katoni pakhonde, sindinaitsegule n'komwe. Amene mwakhala mukundifunsa za ulendo wanga wopalasa njinga m'mapiri uja, imvani izi mtima usanazizire. Choyamba, sindikizani papepala chilolezo chanu cholowera m'malo otetezedwa a m'mapiri, makope awiri. Musadalire foni.

Tinali anthu 6 ndi wotilondolera njira, mnyamata wobadwira konko kumapiriko. Ndalama yolowera m'malo otetezedwawo ndinalipira pa intaneti kudakali miyezi iwiri, imelo inabwera, kampani yokonza ulendo inati zonse zili m'malo. Tinafika pachipata cha m'ma 8 m'mawa, titavala kale zipewa, mabotolo odzaza. Kaofesi kake kachipinda chimodzi, tebulo, buku lalikulu lachikuto chong'ambika, ndi chidindo chomangidwa chingwe kumwendo wa tebulo. Bambo wa pamenepo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pepala lili kuti?" Ndinatulutsa foni. Imelo ikuoneka, koma chikalata chenichenicho sindinachitsitse, ndipo netiweki kumeneko kulibe ndi kadontho komwe. Anzanga awiri anali nacho m'foni, chooneka bwinobwino, nambala ya lisiti ndi dzina. Bambowo anapukusa mutu. "Chidindo ndidinde pagalasi la foni? Nanga m'failo ndiikamo chiyani?"

Ndinati, bwana, tilembeni m'bukumo, mapepala tidzabweretsa potuluka. Ayi, zimenezo angalole ndi akuluakulu, ndipo akuluakuluwo anapita kumsonkhano. Pulinta ilipo? Ilipo, inki inatha kalekale. Mnyamata wathu anabwereka njinga yamoto n'kutsetsereka kukafuna posindikizira, maola atatu kupita kokha. Ife tinakhala pamiyala. Cha m'ma 11 bambo aja anatulukanso, akufuna nambala ya njinga iliyonse, ija imadindidwa pachitsulo kunsi, pakati pa mapedulo. Tinagadabuza njinga zonse, kupala fumbi ndi girizi ndi kamtengo, wina akuunikira ndi tochi ya foni masana dzuwa likuswa mtengo. Nambala imeneyo ilembeni muli kunyumba. Mnyamatayo anabwera dzuwa litapendeka, mapepala ali m'jekete, ndipo tinauzidwa kuti nthawi yolowetsa alendo yatha. Tinakhoma matenti kunja kwa chipata, tikuliona phirilo.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti tsiku linatayikalo linali loti thupi lizolowere mpweya wochepa wa pamwamba pa phiri. Tinayenera kugona pakati, koma pofuna kubweza nthawi tinachoka pamamita 2,400 n'kukagona pamwamba pa 3,300 tsiku limodzi. Madokotala a zamapiri amalangiza kuti mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kupitirira mamita 500 pa usiku, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi muzipuma tsiku limodzi. Matenda a pamwamba amayamba kugwira anthu cha pa 2,500. Ine usiku umenewo mutu unali waching'alang'ala, nseru, tulo osabwera, kungotembenuka m'chikwama chogonamo mpaka wefuwefu. Pamtunda wotero mpweya umene umalowa pakupuma kamodzi ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 a umene munthu amapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiye chitunda chimene kwina mungachikwere mukucheza, kumeneko mumatsika n'kukankha. Mnzathu mmodzi anayamba kudzandira ngati woledzera, ndipo wotilondolera sanafune zokambirana, anamutsitsa m'mawa womwewo. Anachita bwino. Munthu akayamba kudzandira kapena kusokonezeka, mankhwala ake n'kutsika. Ena amamwa mankhwala otchedwa acetazolamide asanakwere, koma zimenezo kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Tikanakana kuthamanga, tikanadula tsiku lomaliza m'malo mwake. Tinalakwitsa tokha pamenepo, komabe gwero lake ndi pepala lija.

Ndalumpha za ndege. Njinga imalowa m'katoni mutachotsa mapedulo, tayala lakutsogolo ndi chiwongolero. Pedulo lakumanzere limamasuka mozondoka, ine ndinalimbana nalo theka la ola ndikulimangitsa. Mukachotsa tayala, lowetsani kapulasitiki kapena kakatoni pakati pa mabuleki, apo ayi wina akangofinya chogwirira, timapadi ta mabuleki timalumana ndipo tayala silibwereramo. Amene muli ndi njinga yamagetsi, batire lake lalikulu ndege zonyamula anthu sizilola. Ndipo werengani inshulansi yanu mpaka timalemba tating'ono, chifukwa ambiri amaika malire a kutalika kwa phiri, ena salipira ngozi ya njinga yopalasa kunja kwa msewu.

Kachitsulo kamene kamagwira magiya akumbuyo, amakanika amati hanger, tengani kapadera. Kanapangidwa dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu, ndipo mitundu yake ndi yambirimbiri, ka mnzanu mwina sikangalowe pa yanu. Kanga kanapindika tsiku lachinayi nditagwera pamwala. Kosinthira ndinali nako, zinatenga mphindi 10. Timapadi ta mabuleki nato tengani, mtsetse wautali wamatope umadya ngati chiswe. Osakanikiza buleki njira yonse, chimbale chake cha patayala chimatentha mpaka buleki kusiya kugwira. Finyani, siyani, finyani. Kuzizira ndiye musanene. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo potsetsereka thukuta lija limasanduka chisanu pamsana. Madzi a mumtsinje tinkawiritsa mphindi 3 zathunthu, chifukwa pamwamba pamenepo amabwadamuka pa madigiri 90 okha.

Za ulendo wosaononga malo ndi anthu ake, makampani onse amalemba mawu okoma. Funsani mafunso osasangalatsa musanalipire. Wolondolera ndi wa konko kapena amachokera kutali? Abulu onyamula katundu amasenzetsedwa makilogalamu angati, ndipo eni ake amagona pati usiku? Zinyalala zimatsika ndi ndani? Zathu tinatsika nazo tokha, mpaka machubu ophulika. Kuchimbudzi kunalibe chimbudzi, kukumba kadzenje masentimita 15 kapena 20, mamita 60 kutali ndi madzi, n'kukwirira.

Tinjira timeneti si tathu. Ndi ta abusa ndi amayi osenza nkhuni, tinalipo njinga zisanabwere. Tsiku lina ndinatulukira pakona ndili paliwiro, nkhosa zinabalalika kutsetsereko, kamnyamata kozibusa kanangoima, ndodo m'manja, osanena kanthu. Wotilondolera anandipeza n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, ameneyu azisonkhanitsa mpaka madzulo." Tinatsika tonse kukathandiza kukusa, manyazi ali tho. Kuyambira pamenepo ndikaona ziweto ndinkatsika n'kukankha. Anatiletsanso kukhwekhwereza tayala lakumbuyo pokhota, poti kamzere kamene limasiya, mvula ikagwa kamasanduka ngalande, chaka chamawa chigwembe. Maswiti kwa ana, ayi, amazolowera kudikira alendo panjira m'malo mopita kusukulu. Chithunzi, pemphani kaye. Agogo ena anandikaniza ndi dzanja lokha, ndinabweza foni m'thumba.

Ndalama yolowera ija sindikuidandaula, ngati imafikadi kwa osamala malowo. Koma ofesi yolandira ndalama pa intaneti n'kumafuna pepala pamalo opanda inki, imeneyo ndiye yandikwana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi nkhungu itayera m'mawa, mitambo ili pansi pathu, ndinatsala pang'ono kuwakhululukira bambo aja.

Potuluka, kuchipata china mbali ina ya phiri, anafunanso pepala lomwelo. Langa linali litanyowa m'thumba la chikwama, chidindo chitasungunuka n'kukhala banga labuluu. Mayi wa pamenepo analitembenuza kawiri, analiunika padzuwa, kenaka anaitana mnzake. Tinaima mphindi 40. Choncho makope awiri, ndipo muwakulunge m'pulasitiki.