Kuthokoza anthu a ku Montenegro amene anatilangiza pa ulendo

Tikufuna kuthokoza poyera anthu a ku Montenegro amene anatithandiza ngakhale kuti sitinkadziwana nawo, ndipo tikukhulupirira kuti malangizo awo angapindulitsenso ena ofuna kukaona dziko limeneli la ku Ulaya, lomwe mapiri ake amatsetserekera m'nyanja ya Adriatic.

Tikuthokoza mayi eni nyumba imene tinagonamo ku Kotor, mzinda wakale womwe bungwe la UNESCO linauika m'gulu la malo otetezedwa mu 1979. Iwo anatilangiza kuti tikwere linga la pamwamba pa mzindawo m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha komanso alendo obwera pa sitima zikuluzikulu asanadzaze tinjira take topanikiza.

Tikuthokoza kwambiri bambo oyendetsa galimoto amene anatikweza mosamala mumsewu wokhotakhota wopita kuphiri la Lovćen, kumene munthu amakwera masitepe 461 kuti akafike pa manda a Njegoš, mlakatuli wotchuka yemwe analinso mtsogoleri wa dzikoli. Bambowo anaumirira kuti tiime pamudzi wa Njeguši ndi kulawa nyama ya nkhumba yowamba pamodzi ndi tchizi, zimene mudziwo umatchuka nazo, ndipo kunena zoona chakudyacho chinaposa cha m'malesitilanti odula a m'mbali mwa nyanja. Anatikumbutsanso kuti kumapiri tizinyamula ndalama za euro pamanja, popeza si paliponse pamene amalandira khadi.

Zikomonso kwa mnyamata wa boti ku Perast, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Kotor, amene anatiwolotsera pa kachilumba ka Gospa od Škrpjela n'kutichenjeza kuti poitanitsa nsomba tizifunsa kaye kulemera kwake, chifukwa nthawi zambiri mtengo wake amauwerengera pa kilogalamu.