Lipoti la ulendo wa ku Tete ndi Moatize: amalipira chiyani ndani pa nkhondo yolimbana ndi Edzi

Tinanyamuka ku Ulongué mbandakucha, atsogoleri a magulu a GAAC (magulu a anthu omwa ma ARV amene amatengerana mankhwala), ma ativista (othandiza odwala m'midzi), amayi olangiza anzawo oyembekezera ndi a namwino awiri, tonse a ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tinadzera ku Mussacama n'kutsikira m'chigwa cha Zambezi, mtunda woposa makilomita 200. Chiyambire Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la maiko akunja, anthu kumudzi akhala akutifunsa kuti, "Kodi mankhwala atha liti?" Yankho lenileni tinalibe, chifukwa ifenso sitinkadziwa bwino kuti botolo la ma ARV amagula ndani, mafuta a njinga yamoto yonyamula magazi amathira ndani, ndipo kangachepe ka ativista kamachokera kuti. Ndicho tinapitira.

Tsiku loyamba tinakhala ndi ogwira ntchito yogwirizanitsa nkhani za Edzi m'chigawo chino, pansi pa CNCS, bungwe la dziko lolimbana ndi Edzi lomwe linakhazikitsidwa mu 2000. Anayamba ndi mfundo zitatu zimene maiko othandiza anagwirizana mu 2004: dziko likhale ndi pulani imodzi, bungwe limodzi lotsogolera, ndiponso njira imodzi yowerengera zotsatira. Pulani ya dziko lathu yolimbana ndi Edzi imatchedwa PEN, ndipo yachisanu inali ya 2021 mpaka 2025. Pulaniyo ndi imodzi ndithu, koma ndalama zoyendetsera zimabwera m'makwalala atatu osiyana.

Khwalala loyamba ndi Global Fund, thumba la maiko ambiri lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, yomwe inayamba mu 2002. Imapereka ndalama za zaka zitatuzitatu, ndipo gawo lomwe tinakambirana ndi la 2024 mpaka 2026. Pempho la dziko limalembedwa ndi komiti ya MCP, momwe mumakhala boma, mabungwe a anthu wamba, opereka thandizo ndi oimira anthu amene ali ndi kachilombo. Zikavomerezedwa, zambiri zimapita ku unduna wa zaumoyo, MISAU, makamaka zogulira mankhwala ndi zoyezera, zina ku mabungwe omwe si a boma monga FDC zogwirira ntchito m'midzi. Lachiwiri ndi PEPFAR ya boma la America, ya mu 2003. Kwa zaka zambiri ndalama zake sizinkadzera m'thumba la boma koma mwa mabungwe opatsidwa makontirakiti, ndipo awa ndiwo ankalemba ntchito alangizi, olowetsa manambala mu kompyuta ndi oyendetsa magazi. Lachitatu ndi bajeti ya boma pamodzi ndi PROSAUDE, thumba limodzi la zaumoyo limene maiko angapo anayamba kusonkhamo mu 2003. Thumba limeneli linafooka kwambiri itaululika nkhani ya ngongole zobisika za boma mu 2016, pamene othandiza ambiri anasiya kukhulupirira kuti ndalama zawo zisamalika.

Chinthu china chooneka chaching'ono chinatitsegula maso. Chaka cha ndalama cha boma lathu chimayamba mu Januwale, cha America chimayamba pa 1 Okutobala, pomwe Global Fund imawerenga zaka zitatu. Ndiye pa chipatala chimodzi, namwino, mlangizi ndi ativista amene amadyera limodzi nsima masana amakhala ndi makontirakiti otha pa nthawi zitatu zosiyana. Kontirakiti ikatha ina isanasainidwe, pamakhala mwezi kapena iwiri ntchito ya munthuyo ili chigonere, popanda amene walakwa mwadala.

Tsiku lachiwiri linali la mankhwala, ndipo apa mitima inakhalako pansi. Kaya agula ndi Global Fund kaya PEPFAR, ma ARV onse amalowa pakhomo limodzi, la CMAM, nthambi ya MISAU yosunga ndi kugawa mankhwala. Kuchokera ku nkhokwe zazikulu za ku Maputo, Beira ndi Nampula amafika ku nkhokwe ya chigawo, kenako kuboma ndi kuzipatala. Botolo la ma ARV otchedwa TLD, la mapiritsi 30 kapena 90, sililembedwa kuti ili ndi la odwala a wakutiwakuti. Apa ndiye mgwirizano wa othandiza umaoneka ndi maso.

Koma mankhwala satumizidwa mongoganizira. Aliyense akatenga, wa ku famasi amalemba pa khadi la FILA. Mwezi wa malipoti umatsekedwa pa 20, ndipo manambala onse amasonkhanitsidwa pa fomu ya MMIA: odwala angati ali pa mtundu uti wa mankhwala, atuluka mabotolo angati, atsala angati. Zimene chipatala chilandire zimachokera pa fomu imeneyi. Zolakwika zimene anatifotokozera ndi zodziwika kwa tonsefe. Fomu ikachedwa, chipatala chimalandira molingana ndi manambala akale. Munthu akapatsidwa mankhwala a miyezi itatu koma n'kulembedwa ngati watenga a mwezi umodzi, pa pepala pamaoneka mabotolo amene pa shelefu palibe. Mwana akakula n'kusintha mulingo malinga ndi sikelo koma khadi osasinthidwa, mankhwala a ana amabwera olakwika. Zikatero wa ku famasi amayamba kugawa a mwezi umodzi m'malo mwa itatu, mphekesera n'kubuka yoti azungu atseka thandizo, chonsecho katundu ali m'nkhokwe. Tikupempha atsogoleri a magulu kuti zotere zikachitika ayambe afunsa ku famasi chimene chavuta asanakauze anthu.

Ku Moatize tinacheza ndi magulu a GAAC pa chipatala china. Kumbukirani kuti njira imeneyi inabadwira m'chigawo chathu chomwe chino mu 2008, pamene a bungwe la madokotala la MSF ndi a zaumoyo ku Tete anayesa kuti anthu osaposa 6 oyandikana nyumba azisinthana kukatengerana mankhwala, mmodzi mwezi uno wina mwezi wamawa, aliyense n'kuonana ndi a chipatala pa nthawi yake. Boma linaitenga n'kuifalitsa dziko lonse, maiko enanso anatengera. Anzathuwo anatiuza mosabisa kuti thandizo litaima, magulu okhwima sanagwedezeke, poti ndalama ya chapa (minibasi) amasonkha okha. Chimene chinagwa msanga ndi ntchito zodalira khwalala limodzi: kulondola amene asiya kubwera, kulowetsa makadi mu kompyuta, ndi kunyamula magazi.

Nkhani ya magaziyi tinakhalapo nthawi yaitali, ndipo ndi imene ikutidetsa nkhawa kuposa zonse. Munthu amayezedwa kuchuluka kwa kachilombo pakatha miyezi 6 atayamba mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Zotsatira zikapitirira tizilombo 1000 pa mililita imodzi ya magazi, munthuyo amafunika uphungu wapadera kwa miyezi itatu, n'kuyezedwanso, kuti a chipatala adziwe ngati vuto ndi kamwedwe kapena mankhwalawo asiya kugwira. Taonani manja amene nkhaniyi imadutsamo. Wotenga magazi ndi namwino wa boma. Zoyezera mu labotale zimagulidwa ndi othandiza. Wonyamula ndi wa pulojekiti. Wokauza mwini wake kumudzi kuti abwere ndi ativista. Mmodzi yekha akasowa, munthu amangomwabe mapiritsi mokhulupirika kachilombo kakuchulukana, mayi woyembekezera n'kupatsira mwana. Botolo lodzadza silionetsa vuto limeneli, n'chifukwa chake limabisala miyezi yambiri.

Pa kawerengedwe napo sipanakhale pamodzi monga mfundo ya 2004 inkafunira. Boma lili ndi njira yake yosonkhanitsira manambala a zaumoyo, ya SIS-MA, koma PEPFAR yakhala ikufuna malipoti akeake miyezi itatu iliyonse. Matanthauzo amasiyananso: kwa a PEPFAR munthu akapitirira masiku 28 osatenga mankhwala ndiye kuti wadukiza, pomwe ku MISAU amatchedwa wothawa pakatha masiku pafupifupi 60. Chipatala chimodzi chikhoza kutulutsa manambala awiri osiyana mwezi womwewo, onse oona.

Ife a m'malire tinaonjezapo lathu. Mabanja a ku Calómuè, Dómuè ndi Tsangano ali mbali zonse ziwiri. Mayi akapita kukadwazika matenda kapena kukakolola ku Dedza ndi ku Ntcheu, amakatenga mankhwala komweko. Kuno timamulemba kuti wathawa, ativista n'kutha mafuta kumufunafuna, pomwe uko amulemba ngati watsopano. Ndalama za othandiza zimagawidwa dziko ndi dziko, palibe khwalala lolipira munthu woti aziyerekeza mabuku a mbali ziwirizi. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 12.5 mwa 100 alionse m'dziko lino ali ndi kachilombo, ndipo Tete ili m'gulu la zigawo zotsika. Potero chigawo chathu sichikhala patsogolo pogawa ndalama, ndipo manambala athu akasokonekeranso ndi za m'malirezi, timadzichepetsera tokha gawo.

Pobwerera tinaima pa Mussacama n'kumangirira zochita. Gulu lililonse la GAAC lilembe m'kope lake tsiku limene membala aliyense anayezedwa magazi komaliza, ndipo zotsatira zikapanda kubwera pakatha mwezi, wopita kukatenga mankhwala akazifunse. Amene akupita ku Malawi kwa nthawi yoposa mankhwala amene ali nawo atenge kalata yosamutsira, asangochoka. Oimira athu mu komiti ya chipatala apemphe kuti pa msonkhano uliwonse paziwerengedwa mndandanda wa ogwira ntchito ya Edzi pamalopo, wowalipira, ndi mwezi umene kontirakiti yawo ikutha, kuti tizidziwiratu mpata usanaoneke. A namwino awiri amene tinali nawo avomera kuphunzitsa atsogoleri a magulu kawerengedwe ka khadi la FILA pa msonkhano wa mwezi wamawa ku Ulongué. Aliyense adzabwere ndi kope la gulu lake.